Khomo Lolowa Chogwada

Triza Namakhwa ananamiza bambo ake muyeso wa khomo limodzi lokha, ndipo anachita dala. Zimenezi anali asanauzepo munthu. Ankangoyenda nazo pakhosi ngati munga wa nsomba, akameza malovu n'kumaumva.

Nkhaniyi imayambira pa maso. A Namakhwa anali kalipentala wa pa esiteti ya tiyi kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Zitseko za m'malaini, mapaso a shedi ya sikelo, ngakhale mabokosi a maliro a anthu a pa kampani, zonse zinadutsa m'manja mwawo. Koma chaka chimene Triza ankalowa Fomu 3, ng'ala inayamba kuwaphimba maso pang'onopang'ono, ngati chiperoni chikamatsika m'phiri. Thabwa ankaliona, munthu ankamuona, koma timanambala ta pa tepi ndi pa pulani tinasanduka nyerere. Pa esiteti mmisiri wosaona ndiye kuti ntchito yatha, ndipo ntchito ikatha, nyumba ya m'malaini imathera pomwepo.

Sanakhale pansi n'kupangana ayi, zinangoyamba. Triza akaweruka kusukulu ankadzera kumene bambo ake akugwira ntchito, ngati wabwera kudzatenga mbale, n'kumawerenga manambala chapansipansi. Iwo ankaika chikhadabo pamene iye wanena, n'kulemba ndi pensulo yawo yonenepa. Zaka ziwiri, osaphonya ngakhale kamodzi. Amene ankadziwa anali amayi ake, a Lestina, basi. Mwinanso a Philip, omanga nyumba amene ankagwira nawo ntchito, koma a Philip anali munthu woseka chilichonse kupatula chimene chingachotsetse mnzawo ntchito.

Triza sanali wolankhula. M'kalasi aphunzitsi akamuloza, yankho ankalidziwa koma linkakanirira kukhosi, iye n'kumangokanda desiki ndi chala. Chimene ankatha ndi kuwerenga. Ku laibulale ya sukulu yawo kunali mabuku amene anabwera m'katoni ngati mphatso yochokera kunja, ndipo limodzi, lalikulu lolemera, analichirikizira kabati yothyoka mwendo. Linali la mbiri ya zomangamanga ndi zojambula za ku China, ku Korea ndi ku Japan. Atalimba mtima n'kulipempha, aphunzitsi oyang'anira laibulale anati, "Tenga, koma ubweretse njerwa yolowa m'malo mwake. Ndipo zimenezo sizibwera pa mayeso." Njerwa anaipeza tsiku lomwelo.

Analiwerenga ndi dikishonale pambali, tsamba limodzi masiku awiri, akukopera m'kope lotsala la masamu. Anaphunzira kusiyanitsa kachisi wa ku China, wa nsanamira zofiira ndi denga lopindikira m'mwamba m'makona, ndi tinyumba ta ku Japan ta nsungwi, udzu ndi dothi, tosaona penti. Anawerenga za kachisi wina amene amamuphwasula n'kumumanganso pakatha zaka makumi awiri zilizonse, kuti luso lisafere m'manja mwa amisiri okalamba. Zithunzi za matabwa olumikizana popanda msomali ankazifotokozera bambo ake powajambulira ndi chala pachikhatho. Iwo ankapukusa mutu. "Awa ndiye anali amisiri. Ife ndife okhoma misomali chabe."

Koma tsamba limene ankabwererako mpaka linayamba kuda m'mphepete linali la kanyumba komwera tiyi. Inde, tiyi. Triza anabadwira pakati pa tiyi, fungo la fakitale ankalimva asanatsegule maso m'mawa, koma anali asanamvepo kuti kwina anthu anammangira tiyi nyumba yakeyake. Ndipo khomo la alendo linali kakang'ono, kongopitirira pang'ono masentimita 60 m'litali ndi m'lifupi momwe. Bukulo linkati ankachita dala. Aliyense wolowa, kaya ndi mkulu wa asilikali, ankayenera kusiya lupanga panja, kugwada, kuweramitsa mutu, n'kulowa chokwawa. M'katimo munalibenso wamkulu kapena wamng'ono.

Mawu amenewo anadzawamvetsa mu Malichi. Tsiku lina mvula itangokata, Triza akuchokera kusukulu ndi anzake a m'kalasi, anadutsa pa shedi ya sikelo nthawi yoyeza masamba. Amayi ake anali pa mzere, dengu kumsana. Panali bwana Keith, asisitanti manejala wa divishoni yawo, mnyamata wa msinkhu woti a Lestina akanatha kumubala. Anapisa dzanja m'dengu lawo n'kutulutsa masamba okhwima angapo.

"Masamba awiri ndi kansonga, mayi. Two and a bud. Kangati ndinene? Izi mwathyolera mbuzi?"

A Lestina atatula dengu lija, iye analikankha ndi gambuti. Tiyi yense mbwee m'matope.

"Sankhani."

Anagwada. Mayi wa ana anayi, mtsogoleri wa kwaya ya amayi kutchalitchi, anagwada m'matope ofiira aja n'kuyamba kutola tsamba limodzilimodzi. Anzake a Triza anayang'ana kumbali, ndipo kuyang'ana kumbali kumeneko kunamupweteka kuposa akanaseka. Iye anangoima ngati chitsa, chikwama pamsana. Kunyumba amayi ake anangoti, "Ndi ntchito, mwanawe. Matope amachapika." Chitenje chinachapikadi. Mtima wa Triza ndiye ayi.

Mayeso a Fomu 4 atatha, kampani inaganiza zomanga kanyumba pa kaphiri koyang'ana damu, koti alendo odzaona minda azimweramo tiyi. Bwana Keith anabweretsa pulani yojambulidwa ku Blantyre, anaiponya pa benchi ya a Namakhwa, anati, "Japanese tea house. Ndikupita ku tchuthi, ndikapeze yatha." N'kukwera njinga yake yamoto.

Triza, amene tsopano ankangodikira zotsatira, ataitambasula pulani ija magazi anamuwira. Denga linali la kachisi wa ku China, nsanamira zoti zipakidwe penti wofiira, khomo lalikulu ngati la golosale ya pa Bvumbwe, koma pamwamba analembapo Japan. Wojambulayo anangotola apa ndi apo. Zinthu zimene anthu anaziganizira zaka mazanamazana, iye anazisakaniza ngati ndiwo za pa ukwati, podziwa kuti kuno palibe amene angafunse.

"A injiniya, bwanji nkhope yakwinyika?" anafunsa a Philip. "Pepalalo latukwana?"

"Ayi ndithu," anatero Triza, maso pansi. A Philip pepala sankaligwira, ankati limawadwalitsa mutu.

Manambala onse anawawerenga bwinobwino: maziko, nsanamira, mapaso, mawindo. Khoma loyang'ana kudamu ndilo linali lomaliza. Linali Lachiwiri masana, dzuwa la Ogasiti, pansi pali utuchi wa bulugama.

"Khomo?" anafunsa bambo ake, pensulo kukhutu.

Pepala linkati 210 m'litali, 90 m'lifupi. Triza anawaona manambalawo bwino lomwe. M'maganizo anaonanso gambuti ija, ndi mawondo a thalauzi la khaki la bwana Keith amene anali asanakhudzepo dothi.

"66 m'litali. 63 m'lifupi."

"Iwe, werenganso. Imeneyo ndi windo."

"Ndi khomo, ababa. Ndi mmene amamangira kwawoko."

"Amwene," anatero a Philip ali pa makwerero, "ndiye kuti alendo ake ndi nkhuku. Tiikemonso zisa."

M'mawa mwake Triza anabwera ndi buku lija. A Philip anayang'ana chithunzi n'kuimba mluzu. A Namakhwa analiyandikiza mpaka linagunda mphuno, ndipo Triza anawafotokozera za lupanga losiya panja, za akuluakulu ogwada. Apa sananame, zonse zinali m'bukumo. Bambo ake anamwetulira kumwetulira kumene Triza anali atakuiwala.

"Ngati ndi choncho, ili tilipange ngati eni ake. Msomali ayi."

Anakatenga zidutswa za mlombwa zimene ankasunga kuyambira kale. Masiku anayi anakhala pa kakhomo kaja, akusema ndi tchizulo, akupapasa ndi zala, mpaka matabwa analumana okha ngati mano. Kachitseko kake kanali kotsetsereka, kosalira. Triza ankawaonerera akufuna kuulula, koma akaganiza za bwana Keith ali pa mawondo pamaso pa anthu, ankatseka pakamwa.

Bwana Keith anabwera Lachisanu la sabata yotsatira, ndi alendo awiri a ku ofesi ya ku Blantyre, bambo wa tayi ndi mayi wa foni m'manja. Anazungulira kanyumba kaja kamodzi. Anazunguliranso kachiwiri. Triza anali ataima pansi pa mtengo ndi kontena ya chakudya cha bambo ake. Tsopano agwada, anadziuza. Kuti aone m'kati, agwada basi.

"Namakhwa! Khomo lili kuti?"

"Ndi ili, bwana."

"Ili? La abakha?"

"Ndi sitayilo ya ku Japan, bwana," anatero a Philip. "Kumeneko ngakhale amanejala amalowa chokwawa."

Bambo wa tayi uja anaseka. Kuseka kumeneko ndi kumene kunaononga zonse. Bwana Keith anatsomphola pulani pa benchi, anaitambasula pankhope pa a Namakhwa.

"Werengani apa."

A Namakhwa anayang'ana pepalalo. Triza ankadziwa chimene akuona: nyerere.

"Ndati werengani! Two hundred and ten! Kusukulu munapitako, kapena mwakalamba?"

"Ndinalakwitsa, bwana."

"Munalakwitsa. Chabwino. Poti mwamanga ndinu, tisonyezeni malowedwe ake."

Ngakhale a Philip nthabwala zinawathera. A Namakhwa anavula chipewa, anachiika pa benchi, anagwada mu utuchi. Mawondo awo analira, Triza anawamva ali patali. Analowetsa mutu, koma chifukwa cha maso aja analakwitsa pang'ono, chipumi chinagunda thabwa lapamwamba, mlombwa wawo womwe. Anakwawa mpaka nsapato zawo zong'ambika kuchidendene zinalowa.

"Tulukani. Lowaninso, alendowa sanaone bwino."

"Keith, basi," anatero mayi wa foni uja, ataitsitsa foniyo.

Bwana Keith anapinda pulani n'kuiponya pansi. "Lolemba m'mawa ndipeze khomo la anthu. Apo ayi, mukasiye makiyi a nyumba ku ofesi." Iye m'kati sanasuzumiremo n'komwe. Anakwera galimoto thalauzi lake lili loyera mmene anabwerera.

Triza anaima pomwe paja. Mawu anali atafika pamlomo, ndine, ndine, koma akanati ndine ndiye kuti akanaulula kuti bambo ake saona. Kontena inali itamutentha zala koma sanaisiye. A Philip anathandiza mnzawo kudzuka, anawasansa utuchi m'mawondo, akulankhula okha. "Keith ameneyu ndi mwana wopanda mwambo. Bambo ake anali kalaliki pomwe pano, tinkagawana nawo chinangwa."

Loweruka lonse Triza sanadye. Anakwiyira bwana Keith, mkwiyo woti akatseka maso ankaona njinga yake yamoto ili m'damu. Anakwiyira wojambula wa ku Blantyre. Anakwiyira ngakhale buku, analiponya kunsi kwa bedi mpaka chikuto chinang'ambika. Buku lija linanena zonse za wamkulu amene wagwada n'kulowa, koma silinanene chimene chimachitika wamkuluyo akakana, n'kuloza munthu wina kuti agwade m'malo mwake. Anthu amene anamanga makomo amenewo ankamangira alendo ofuna kulowa. Iye anatenga khomo la ulemu n'kulisandutsa msampha, ndipo msamphawo unagwira mwini nyumba. Akafika pamenepo mkwiyo wonse unkatembenuka n'kumuyang'ana iye.

Bambo ake sanamufunse kanthu. Anakhala pakhonde ndi chotupa pachipumi, akunola sowo. Amayi ake anangoti, "Usawayang'ane choncho bambo ako, ukuwawonjezera."

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi, a Namakhwa anavula jekete n'kunyamula bokosi la zipangizo. "Tiye." Anakwera kaphiri kaja awiriwiri, kudutsa m'minda yodulira, tiyi ali zitsa zokhazokha. Kunalibe munthu, fakitale nayo inali chete.

Kakhomo kaja sanakathyole. Anakagogoda ndi hamala yamtengo apa ndi apo, matabwa n'kumasukana okha, osasweka ngakhale limodzi. Anawasonkhanitsa, anawakulunga m'thumba la feteleza, anamanga ndi luzi. Kenako anatambasula tepi pakhoma.

"Werenga."

"210," anatero Triza. Anagwira chala chawo n'kuchiika pa mzere.

"M'lifupi?"

"90."

Anadula nsungwi, anagumula dothi la a Philip, fumbi lofiira linadzaza kanyumba konse. Dzuwa likupendeka, khomo linali litaima, lalitali, loti munthu n'kulowa chipewa chili kumutu. Ili analikhoma ndi misomali. A Namakhwa anakhala pa benchi, anapukuta sowo ndi kansalu ka oyilo, kenako tchizulo, kenako pulena, chimodzichimodzi, mosafulumira. Triza anali asanawaonepo akupukuta zipangizo choncho pakati pa ntchito.

"Unayang'ana mzere wa windo, eti?" anatero osamuyang'ana. "Zimachitika. Manambala aja amathithikana."

Triza anawerama n'kuyamba kutola misomali yotsala.

"Sindikukudzudzula. Mlandu ndi wanga. Mmisiri weniweni akanatenga pepala n'kuona yekha. Ine ndakusenzetsa maso anga zaka ziwiri, mwana wa sukulu, ndiye taona zimene zachitika. Lero ndi khomo. Mawa udzaphonya pa phaso, denga lidzagwera ana a eni." Anatseka bokosi. "Mawa ndikamusonyeza bwana Keith khomo lake, kenako ndikanena ku ofesi kuti maso anatha. Tipita ku Thekerani kwa amalume ako. Khasu silifuna manambala."

"Ababa, musatero."

"Ndaganiza kale."

"Amayi anati ku chipatala ng'ala amachotsa. Anati mukadikire madokotala a maso akabwera."

"Kudikira ndikugwetsa nyumba za anthu? Ayi. Tepi ikayamba kunama, umaitaya."

Triza anamva kutentha kukukwera kuchokera m'mimba, kudutsa pachifuwa, kufika pamene munga uja unakhala masabata onsewa. Anayang'ana chotupa chija, chimene tsopano chinali chitada, anayang'ana thumba la feteleza lomangidwa ndi luzi. Munthu uyu ankafuna kutaya zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi chifukwa ankaganiza kuti mwana wake anaphonya. Kumukhululukira kumene ankamukhululukirako ndi kumene kunamupsetsa mtima koposa.

Anaimirira patsogolo pawo, pakati pa iwo ndi khomo latsopano lija. Mwambo unkati agwade polankhula ndi bambo ake nkhani yotere, koma mawondo anakana.

"Tepi sinaname, ababa. Ndipo ine sindinayang'ane mzere wa windo."

A Namakhwa anadzutsa mutu, maso awo otuwa aja akumufunafuna pa kuwala.

"Zaka ziwiri sindinaphonyepo nambala, ndipo tsiku lija sindinaphonye. Pepala linkati 210, ndinaliona bwinobwino. Ndinanena 66 dala." Mawu anatuluka okwera, oti m'kalasi sanawamvepo, mpaka anamveka kutsidya la damu. "Ndinkafuna agwade! Anagwaditsa amayi m'matope anzanga akuona, ine ndili pompo ngati chitsa, ndiye ndinkafuna nayenso agwade, kamodzi kokha, pakhomo loti mwapanga inu. Amene anakugwaditsani Lachisanu ndine. Mundimenye, mundithamangitse, koma ku ofesi musakanene za maso. Maso anu sanalakwe kanthu, ababa. Ndinakunamizani ndine."